Woyimba wa ku Taiwan yemwe anakhala phungu, alipo akudziwa mbiri yake?

mnyamata_wa_Mpondasi

Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi anzanga. Funso langa ena muona ngati lakutali ndi za kuno ku Mangochi koma dikirani kaye mumve. Pali munthu wina wa ku Taiwan dzina lake Freddy Lim, mavidiyo ake alipo ambiri pa YouTube, kwina akuoneka ali pa siteji wadzipenta kumaso, tsitsi mpaka kumsana, akukuwa pa maiki nyimbo zaphokoso zija amati metal, kenako kwina munthu yemweyo ali mu suti tsitsi walimanga kumbuyo, ali mu palamenti ya kwawo akupanikiza nduna ndi mafunso. Nde ndamvanso kuti anthu a dera lake anafuna kumuchotsa pa uphungu nthawi yake isanathe mpaka kunachitika voti yeniyeni ya zimenezo, koma mkuluyo anapulumuka.

Zomwe ndikufuna kudziwa ndi izi, munthu ameneyu anachokera kuti, zinatheka bwanji kuti woyimba wa mtundu umenewo anthu amukhulupirire mpaka kumupatsa mpando, ndipo lamulo lochotsa phungu pakatikatili limayenda bwanji kumeneko? Ndikufunsa chifukwa kuno timangodandaulira pa siteji ya kabaza ndi pa bawo basi, nthawi ya kampeni aliyense amalonjeza msewu wa ku Makanjira, amalonjeza mijigo ndi milatho, akawina nambala ya foni imasintha ndipo timadzaonananso zaka zisanu zikatha. Ngati anzathu ali ndi njira yomukokera munthu khutu asanamalize teremu ine ndikufuna ndiyimvetse bwinobwino. Amene mukudziwa tithandizeni chonde.

Aphunzitsi_Namwera

Achimwene funso lanu silakutali ayi. Ndiyankha motalikirapo, amene bandulo yatsala pang'ono mundikhululukire.

Freddy Lim anabadwa mu 1976 mu mzinda wa Taipei, ndipo nyimbo zake ndi ndale zake simungazimve musanadziwe dziko lomwe anakuliramo. Taiwan inalamulidwa ndi Japan kuyambira 1895 mpaka 1945, atachoka a Japan kunabwera chipani cha Kuomintang, KMT, cha Chiang Kai-shek kuchokera ku China. Mu February 1947 eni chilumba anaukira chifukwa cha nkhanza ndi katangale, asilikali anapha anthu masauzande ambirimbiri, mpaka lero nkhaniyo amangoitchula kuti 228. Kuyambira 1949 mpaka 1987 dziko linali pansi pa malamulo a chisilikali, zaka 38, chipani chimodzi, kutsutsa boma kunali kudziitanira ndende kapena imfa, ndipo za 228 sizinkatchulidwa olo mkalasi. Ana asukulu ankalangidwa akayankhula chiyankhulo cha kunyumba kwawo mmalo mwa Mandarin, Chitchaina chomwe boma linkafuna. Ife a kuno zimenezi sizachilendo, kuyambira 1968 pa MBC pankamveka Chichewa ndi Chingerezi basi, Chiyao chathu chinali cha pakhomo ndi kumsika. Aphungu awo ambiri nawo anali omwe anasankhidwa kalekale ku China mu 1948, anangokhalabe pamipando mpaka 1991 opanda chisankho china. Palamenti yonse inasankhidwa koyamba ndi anthu a pachilumbapo mu 1992, pulezidenti mu 1996. Nde muone kuti demokalase yawo ndi ya msinkhu umodzi ndi yathu ya referendamu ya 1993.

Mu 1995 Freddy anayambitsa bandi ya Chthonic. Phokoso mwalimvalo musalione ngati misala, mkati mwake muli mbiri. Amayimba kwambiri mchiyankhulo chomwe chija ana ankalangidwa nacho, amaphatikiza magitala ndi chida cha makolo chotchedwa erhu, cha zingwe ziwiri, kayimbidwe kake ngati kaligo wathu, ndipo nkhani za mnyimbozo ndi zomwe kusukulu sankaphunzitsa, za 228, za mtundu wa Seediq womwe unaukira a Japan mu 1930, za anyamata a ku Taiwan omwe anatengedwa kukamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kumbali ya Japan. Bandiyo inayenda mayiko ambiri, mu 2007 inazungulira America pa Ozzfest, chikondwerero chachikulu cha nyimbo za metal. Kupatula kuyimba ankakonzanso makonsati oyimira ufulu wa anthu a ku Tibet, dera lolamulidwa ndi China, ndipo kuchokera 2010 mpaka 2014 anali wapampando wa bungwe loona za ufulu wa anthu la Amnesty International nthambi ya Taiwan. Nde sikuti anangodzuka tsiku limodzi kuchoka pa maiki kupita pa baloti, anthu ankadziwa kale zomwe amakhulupirira kwa zaka pafupifupi 20.

Chomwe chinamukankhira mu ndale ndi chaka cha 2014. Boma la KMT linkafuna kudutsitsa mwachangu mgwirizano wa zamalonda ndi China osaukambirana ndime ndi ndime, nde pa 18 March ana a mmayunivesite analowa mokakamiza mu palamenti momwemo nkumagona mmenemo mpaka pa 10 April, zionetsero zimenezi zimatchedwa Sunflower Movement, ndipo mgwirizanowo sunadutsenso. Zitatha ena mwa omwe ankatsogolera anaona kuti kukuwira panja pa mpanda sikukwanira, mu January 2015 Freddy ndi anzake anayambitsa New Power Party. Pa chisankho cha January 2016 anayima mdera la Wanhua ndi Zhongzheng, mbali yakale ya Taipei, ya misika, akachisi ndi anthu achikulire, komwe phungu wake anali Lin Yu-fang wa KMT, chimkhalakale mu palamenti komanso katswiri pa nkhani za asilikali. Ambiri ankati munthu wa tsitsi lalitali ndi ma tatuu sangaphule kanthu kumeneko. Koma tisabise, chipani chachikulu cha DPP ya kwawoko osati yathu ya kuno, cha Tsai Ing-wen yemwe anawina upulezidenti pa chisankho chomwecho, sichinayimitse munthu mderalo, chinamusiyira malo, chimenecho chinamuthandiza kwambiri. Anawina ndi kusiyana kwa mavoti masauzande ochepa chabe, ndipo chipani chake chatsopanocho chinapeza mipando 5 pa 113.

Mu palamenti anakhala mu komiti ya zakunja ndi chitetezo, anatsogolera gulu la aphungu loona za Tibet, anali kumbali ya malamulo ofufuza nkhanza za nthawi ya chipani chimodzi ndi chuma chomwe KMT inadziunjikira nthawi imeneyo. Mu 2018 a ku Hong Kong anamukaniza visa atafuna kukayimba kumeneko. Mu August 2019 anatuluka mu New Power Party chifukwa ankafuna kuthandiza Tsai Ing-wen poyera pomwe anzake ankakokana, mu 2020 anayima payekha nkuwinanso, anagonjetsa munthu yemwe uja.

Za kumuchotsazo zinabwera chifukwa cha Covid. Mu May 2021 matenda anabuka kwambiri ku Wanhua, dera lake lomwelo, geni inaima, anthu a kumeneko ankasalidwa, nde ena anati phungu wathu akuikira kumbuyo boma mmalo moyima ndi ife, anayamba kutolera masiginecha. Lamulo lawo analifewetsa mu 2016 ndipo limayenda chonchi. Phungu sangakhudzidwe chaka chake choyamba. Chikatha, pamafunika masiginecha a 1 peresenti ya ovota a mderalo kuti nkhani iyambe, kenako 10 peresenti kuti voti ichitike. Pa voti kuti munthu achoke pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi, ofuna achoke achuluke kuposa okana, komanso akwane 25 peresenti ya onse olembetsa mderalo. Ya Freddy inachitika pa 9 January 2022. Ofuna achoke anali pafupifupi 54,800, okana 43,300, koma mzere unali pa 58,700 ndi kanthu, nde anapulumuka chifukwa sanakwane, osati chifukwa anthu ambiri anamuyikira kumbuyo tsiku limenelo. Ikalephera choncho saloledwa kuyambitsanso ina mpaka teremu ithe.

Mu 2023 analengeza kuti sayimanso, anati akufuna kusamalira wachibale yemwe ali ndi matenda osowa, kumapeto kwa chaka chomwecho analowa DPP. Mu 2025 boma linamusankha kukayimira Taiwan ku Finland, dziko lomwe nyimbo za metal amazikonda kwambiri. Ine chomwe chimandigwira mtima pa munthuyu nchakuti pa siteji ndi mu palamenti ankanena nkhani imodzi yomweyo, nde womuvotera ankadziwa chomwe akugula.

Madala_a_ku_Malindi

Aphunzitsi mwafotokoza bwino, Mulungu akudalitseni. Ine ndiwonjezere za mbali yathu chifukwa ana ambiri pano sakudziwa kuti Taiwan anali bwenzi lathu zaka zoposa 40. Ubale unayamba mu 1966 nthawi ya Kamuzu, akatswiri awo a ulimi ankagwira ntchito mmasikimu a mpunga, chipatala chachikulu cha Mzuzu anamanga ndi iwowo ndipo madotolo awo ankathandiza kwambiri odwala Edzi kumeneko. Mu January 2008 nthawi ya Bingu, mayi Joyce Banda ali nduna ya zakunja, boma linalengeza kuti tasamukira ku China ya Beijing, a Taiwan analongedza nkumapita. Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa anadzamaliza a China, nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe yomwe inatsegulidwa mu 2010 ndi a China omwewo. Pano mu Africa muno yatsala Eswatini yokha yomwe ili ndi Taiwan.

Za woyimba kukhala phungu ine sizikundidabwitsa. Pa Balaka pomwepa tinali ndi malemu Lucius Banda, anthu anamudziwira mu nyimbo zodzudzula zinthu zikamalakwika, anamutuma ku palamenti mu 2004 ndipo anabwereranso mu 2014. Woyimba amene wakhala akuyankhulira amphawi amafika pa kampeni anthu akumudziwa kale, safunika kugawa nsalu kuti dzina lake limveke.

Koma mwana wanga wa pa Mpondasi, lamulo ukulifunalo tinali nalo ife. Malamulo a dziko lino a 1994 anali ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo, aphungu okhaokha anakhala pansi mu 1995 nkulichotsa lisanagwire ntchito olo kamodzi. Kuyambira pamenepo mabungwe akhala akupempha kuti libwerere koma oti alibwezere ndi omwewo lingadzawalume, nde mukuona pomwe pali vuto.

Chinanso ndinene ngati munthu wamkulu, mlandu wina ndi wathu. Phungu wathu timamuyeza ndi chani? Bokosi la maliro, galimoto yonyamula mtembo kuchokera ku boma, fizi ya mwana, thumba la simenti la ku mzikiti kapena ku tchalitchi, mpira wa timu ya pamudzi. Ntchito yake yeniyeni ndi kupanga malamulo, kuunika bajeti ndi kufunsa nduna kuti ndalama zapita kuti, koma ndani wa ife anamufunsapo phungu kuti bilu yakuti munavota bwanji? Ku Taiwan kuyambira 1995 ali ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya boma yofikira pafupifupi aliyense, munthu akadwala amatenga khadi lake kupita kuchipatala, sapita kukagogoda pa geti ya phungu mmamawa. Nchifukwa chake ali ndi mpata wokangana naye pa mfundo. Ife umphawi watipanikiza mpaka tikuona phungu ngati malume olemera a dera lonse, nde lamulo lochotsalo litabwera lero ndikuopa kuti tizichotsa amene sanagule bokosi nkusiya amene akugona mu palamenti koma dzanja lake ndi lofewa.

Mayi_a_usipa_Makawa

Madala ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma apo pa bokosi ndikutsutsaniko pang'ono. Ife sitipempha bokosi chifukwa chosadziwa ntchito ya phungu ayi, timapempha chifukwa ndi chokhacho chomwe tikudziwa kuti tingachipeze kwa iye. Inuyo munamuonapo phungu akuitanitsa msonkhano chaka chachiwiri cha teremu, osati wa chipani wovina amayi, koma wokhala pansi kunena kuti ndalama za CDF zinabwera zakuti, tagwiritsa apa ndi apa, mafunso alipo? Ife a geni ya nsomba tili ndi nkhani zathu zenizeni zofuna malamulo, nyanja ikatsekedwa asodzi ang'onoang'ono amalandidwa maukonde pomwe akuluakulu a matrola akupha mpaka kufupi ndi gombe, chambo cha ku Malombe chinatha tikuona ndi maso, madzi a nyanja atakwera anthu nyumba zinamira mmphepete monsemu, pa doko palibe zimbudzi zokwanira kolera ikabwera timayamba ndife. Zimenezi zikufuna munthu woyimirira ku Lilongwe nkuzinena ndi dzina lake. Atadziwa kuti tikhoza kutolera masiginecha chaka chimodzi chikangotha, foni ija sangasinthe.

Ine chomwe chandisangalatsa pa nkhani ya Freddy si kupulumuka kwakeko koma kuti anthu a mmisika ya ku Wanhua, ogulitsa ngati ine ndemwe, geni yawo itaima anali ndi pokadandaula pomwe phungu sakanatha kunyalanyaza. Anayenera kubwerera mdera, kuyenda mmisewu, kudzifotokoza kwa anthu omwe anamukwiyira. Olo sanachoke koma anamva kutentha.

Aphunzitsi funso langa, mipando 113 mwanenayo azimayi alimo angati? Chifukwa kuno mzimayi akangoti ayime amayamba kufunsidwa za banja lake mfundo zake asanazimve.

WakuJoni_Makanjira

Ndikuwerenga ndili kuno ku Joni koma kwathu ndi ku Makanjira nde za msewu uja musandiuze, nthawi ya mvula ndikabwera kumudzi katundu amafika atanyowa ndi kusweka, odwala amavutika kufika ku boma. Mkwiyo ndili nawo ngati inu nomwe. Koma lamulo lochotsali ine ndikuliopa, ndipo zifukwa zake zili ku Taiwan komweko mukayang'ana nkhani yonse osati ya Freddy yekha.

Mu June 2020 anthu a mzinda wa Kaohsiung anachotsa meya wawo Han Kuo-yu wa KMT, yemwe anangowina umeya nkuthamangira kukapikisana pa upulezidenti. Zitatero a mbali yake anayamba kubwezera, mu October 2021 phungu wachinyamata Chen Po-wei wa ku Taichung anachotsedwa, woyamba mwa aphungu kuchoka mwa njira imeneyi, kenako miyezi itatu isanathe inali ya Freddy ija. Anthu ambiri kumeneko ankaziona ngati kubwezerana kwa zipani basi. Ndipo Han yemwe anachotsedwayo mu 2024 anabwerera kudzera pa mndandanda wa chipani nkukhala sipikala wa palamenti yonse, nde anthu anamuchotsa pakhomo iye nkulowera pawindo. Mu 2025 zinafika poipa, magulu ogwirizana ndi mbali ya boma anafuna kuchotsa aphungu a KMT ambirimbiri nthawi imodzi, 24 anavoteredwa pa 26 July, ena 7 pa 23 August, onse 31 palibe olo mmodzi anachoka. Dziko linakhala pa kampeni miyezi yambiri, ndalama zinapita, mabanja kukangana. Mbali inayo nayo poyesa kuchotsa a DPP kunapezeka masiginecha abodza mpaka a anthu omwalira, ena anatengeredwa kukhoti.

Tsopano bweretsani zimenezo kuno. Kwathu pa mpando umodzi pamayima anthu 8 kapena 10, wowina nthawi zambiri sapeza olo theka la mavoti chifukwa 50+1 ndi ya pulezidenti yekha. Ndiye kuti tsiku lomwe walumbira, omwe sanamuvotere ndi ambiri kale kuposa omwe anamuvotera. Amene wakhala wachiwiri ngati ali ndi ndalama angoyamba kuzungulira mmidzi ndi kaundula, sopo ndi ma 2 sauzande, mfumu iuze anthu ake kuti sainani apa, ndani angakane pamaso pa mfumu? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kale kugawa zinthu pa kampeni koma tonse tinaona ndi maso athu zomwe zimachitika. Phungu wosauka koma wolimbikira ndi amene angayambe kugwa, wolemera azingogula mtendere chaka ndi chaka. Komanso chisankho chapadera chilichonse ndi ndalama za misonkho yathu zomwe zikanagula mankhwala.

Ine ndikanakonda tiyambe ndi zosavuta, voti ya phungu aliyense pa bilu iliyonse izilembedwa ndi dzina lake nkumawerengedwa pa wailesi za mmadera, masiku omwe wajomba azidziwika, ndalama za chitukuko cha dera zizimatidwa pa bolodi pa khonsolo ndi pa komiti ya chitukuko ya dera, ADC. Ku Taiwan zokambirana za palamenti ndi makomiti ake zimaonetsedwa pa intaneti, munthu ukhoza kufufuza phungu wako nkuona zomwe ananena, nchifukwa chake mavidiyo a Freddy akufunsa nduna mukuwapeza mosavuta muli pa Mpondasi.

mnyamata_wa_Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse, madala za gawo 64 zandipweteka mtima kuti chinthu tinali nacho mmanja. Achimwene a ku Joni mfundo yanu ya wachiwiri kuyamba kutolera masiginecha ndi yoona, ndikuwadziwa anthu omwe angachite zimenezo sabata yomweyo. Komabe ine ndili kumbali ya mayi a ku Makawa, mantha a phungu pang'ono ndi abwino kusiyana ndi mmene zililimu. Aphunzitsi muyankhe la mayiwa, ndipo ndiwonjezere langa, mwati Freddy anatuluka chipani chake mu 2019 ali phungu, nanga mpando sanaluze bwanji? Kwawoko kulibe zonga Section 65 yathu?

Aphunzitsi_Namwera

Mayi a ku Makawa, mipando 113 ija imagawidwa patatu. Mipando 73 ndi ya madera ngati kwathu kuno, 6 ndi ya mitundu ya eni nthaka ngati a Seediq aja, amavota paokha, ndipo 34 ndi ya mndandanda wa zipani. Munthu akalowa movotera amalandira pepala la phungu wa dera ndi lina la chipani, chipani chikapeza 5 peresenti kapena kuposa chimagawiridwa nawo mipando 34 ija, ndipo lamulo limati pa mipando yomwe chipani chapeza pamenepo azimayi asachepere theka. Zimenezi zinatsegula njira, azimayi ambiri anayamba kuwinanso mmadera mwenimweni, pa chisankho cha 2020 ndi cha 2024 azimayi anapitirira 40 pa 100 aliwonse mu palamenti. Mmodzi mwa omwe analowa limodzi ndi Freddy mu 2016 ndi Hung Tzu-yung, mtsikana yemwe sanali wandale nkomwe, mchimwene wake anamwalira ku usilikali mu 2013 atapatsidwa chilango chankhanza, iye anatsogolera banja kufuna chilungamo mpaka anthu miyandamiyanda anayenda mu Taipei ndipo lamulo linasintha kuti milandu ya asilikali nthawi ya mtendere izipita ku makhoti wamba. Anayima ku Taichung nkugwetsa phungu wakale wa KMT. Teremu yawo ndi zaka 4 osati 5.

Madala, chimodzi chokha ndikonzeko, za maliro ndi maukwati nakonso ziliko. Aphungu a madera ku Taiwan amathamanga mmaliro, mmaukwati ndi mzikondwerero za ku kachisi, ali ndi maofesi mdera komwe anthu amabweretsa madandaulo a tsiku ndi tsiku, ndipo amene saoneka mmalo amenewa amadandaulidwa ngati kuno komwe. Kusiyana kwake nkwakuti ofesiyo imakhala yotsegula teremu yonse ndi antchito olipidwa ndi boma, munthu amadziwa chitseko chogogoda.

Achimwene a ku Joni nkhawa yanu ndi yomveka ndipo ine sindingakopere lamulo lawo mmene lilili. Kuno mzere wa 25 peresenti ungakhale wotsika, ndikanati ofuna phungu achoke apose mavoti omwe iye anawina nawo, ndipo kusaina kuzichitikira pamalo a MEC munthu ali yekha ndi chitupa chake cha unzika, osati pabwalo la mfumu.

Za kutuluka chipanizo achimwene, kwawoko zimatengera mmene unalowera. Phungu wa dera ngati Freddy anavoteredwa ndi dzina lake, nde akatuluka chipani mpando amakhala nawobe, ngati anthu akwiya njira yawo ndi masiginecha aja kapena kudikira chisankho. Koma wa mndandanda wa chipani akatuluka kapena kuchotsedwa mchipanimo mpando umapita pompo, amalowa wotsatira pa mndandandawo, komanso iyeyu anthu sangamuchotse ndi voti chifukwa alibe dera. Kwathu Section 65 imati phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani akachoka nkulowa china cha mu palamenti sipikala alengeze kuti mpando ulibe munthu, koma munaona zomwe zinachitika Bingu atatuluka UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP yathu ya kuno, aphungu anasamuka gulu, nkhani inakakamira ku makhoti ndi ma injankishoni, bajeti inachedwa, mpaka chisankho cha 2009 chinafika ambiri a iwo ali pamipando pomwepo.